Pabalaza ndi pochepa: tebulo la anthu asanu likwana bwanji?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Salima:

"Ndine mphunzitsi, ndimakhala chakufupi ndi Kamuzu Road m'nyumba ya lendi. M'banja mwathu tilipo asanu: ine, bambo a kunyumba ndi ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka 4. Chipinda chodyera mulibe. Pabalaza pali kakona kopanda kanthu pafupi ndi khomo la kukhitchini, ndipo nditayeza ndapeza mamita 2.4 m'litali ndi 2.1 m'lifupi. Pakali pano timadyera pa katebulo ka pakati pa masofa, ana pansi, moti masofawo atha ndi msuzi. Ndasonkha kandalama kubanki m'khonde ndipo mtima wanga uli pa seti ya mipando 6 ndi tebulo lagalasi imene ndinaiona ku Lilongwe. Bambo akuti siikwana. Ndichite bwanji kuti tizidyera limodzi pamalo ooneka bwino, oti ngakhale kubwere alendo ndisachite manyazi?"

Mayi, mtima ukhale m'malo. Kakona mwayezako n'kokwanira anthu asanu kudya momasuka, ndipo mukakakonza bwino, mlendo mmodzi apezanso pokhala. Ndagwira ntchito ya matabwa zaka zambiri kuno kunyanja, ndipo nyumba zochuluka zimene ndalowamo ndi tepi m'manja, ku Salima kuno, ku Senga Bay, mpaka ku Nkhotakota ndi Dwangwa, n'zofanana ndi yanuyo. Pabalaza ndi pamodzi, pochezera pomwepo, podyera pomwepo, ana akalembere ntchito ya kusukulu pomweponso. Mwachita bwino kuyeza ndalama zikadali m'manja. Ambiri amandipeza katundu atafika kale pakhomo, n'kumafunsa ngati ndingadule tebulo latsopano kuti lilowe.

Pa seti ya ku Lilongwe ija, bambo akunena zoona, ndipo ndikuonetsani ndi manambala kuti musati ndawakondera. Tebulo la anthu 6 kawirikawiri limakhala la masentimita 180 m'litali ndi 90 m'lifupi. Kuti munthu akoke mpando, akhale, n'kudzadzukanso osagunda khoma, pamafunika masentimita osachepera 75 kuchokera m'mphepete mwa tebulo, ndipo akakhala 90 ndiye bwino kwambiri. Mukawonkhetsa mbali zonse zinayi, setiyo ikufuna malo a mamita 3.3 m'litali ndi 2.4 m'lifupi. Inu muli ndi 2.4 ndi 2.1. Mukaikakamiza mudzaikankhira kukhoma, mipando iwiri kapena itatu idzakhala yongokongoletsa, ndipo wochokera kukhitchini ndi nsima yotentha azidzadutsa chammbali atapanika mimba. M'sitolo katundu amaoneka wamng'ono chifukwa denga lili kutali, malo ndi aakulu. Akalowa m'nyumba mwathu ndi pamene amaonetsa msinkhu wake weniweni.

Palinso china chimene opanga maseti oterewa sachiganizira, chomwe ndi kadyedwe kathu. Ife tisanadye, wina amazungulira ndi beseni ndi jagi kusambitsa anthu m'manja, amawerama kapena kugwada kumene akafika pa akuluakulu, ndipo tikatha kudya amazunguliranso. Patebulo pamafika mbale yaikulu ya nsima, bakuli la ndiwo, lina la masamba, madzi akumwa, ndipo ikakhala chambo kapena kampango pamafunikanso kambale ka minga. Choncho poyambira penipeni ndi malo amene musiye opanda kanthu, njira ya wosambitsa ndi wonyamula mbale. Katundu azitsatira pambuyo, alowe m'malo otsalawo.

Musanapite kwa mmisiri aliyense, tengani choko kusukulu kwanuko mujambule pansi. Kapena dulani makatoni pa muyeso wa tebulo, muwayale pakonapo, muike ndowa kapena mipando ya pulasitiki pamene anthu azikhala, mukhale nazo choncho masiku awiri kapena atatu. Tsegulani chitseko cha kukhitchini mpaka kumapeto muone ngati chikugunda. Dutsani mutanyamula beseni. Muuze mwana wamkulu akhale, wina adutse kumbuyo kwake. Makatoni amaulula zinthu zimene tepi siinena, ndipo sakudyerani ndalama.

Nditakhala kuti ndine ndikukonza kona imeneyo, ndikanapanga chonchi. Tebulo la makona anayi, masentimita 122 m'litali, 80 m'lifupi, 75 kutalika kuchokera pansi. Akalipentala ambiri kuno amayeza m'mainchesi, ndiye muwauze kuti 48 kwa 32, kutalika 30. M'makoma awiri a konayo muikemo mabenchi awiri okumana pakona, ndipo mbali yoyang'ana pabalaza muikeko mipando iwiri yokha. Benchi ndiyo imapulumutsa malo, chifukwa siikokedwa. Munthu amangolowa chammbali n'kukhala, ndiye masentimita 75 aja a kumbuyo kwa mpando safunikanso mbali ziwirizo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Benchi ikhale ya masentimita 45 kuchokera kukhoma, ndipo tebulo lilowe pamwamba pake ndi masentimita pafupifupi 8 kuti wokhala asamachite kusolola khosi pofuna mbale. Kuchokera kukhoma mpaka kumapeto kwa tebulo ndi masentimita 117. Pa 210 anu aja patsala oposa 90, okwanira mpando ndi munthu wodzuka bwinobwino. M'litali namo, benchi yaifupi ndi tebulo zitenga pafupifupi 160, n'kutsala 80 kumapeto, pamene mungaike kampando kopanda chotsamira mlendo akabwera. Munthu wamkulu aliyense amafuna masentimita 60 m'mphepete mwa tebulo kuti zigongono zisamagundane. Ndiye pa benchi yaitali pakhala akulu awiri kapena ana atatu, pa yaifupi mmodzi, pa mipando awiri. Banja lonse lakwana, malo a mlendo n'kutsala.

M'lifupi musatsike pansi pa masentimita 75, ngakhale mmisiri atakuuzani kuti mupulumutsa thabwa. Mbale yodyera imatenga pafupifupi 25 mbali iyi, 25 mbali inayo, ndipo pakati payenera kutsala pokhala nsima ndi ndiwo. Tebulo lopyapyala limaoneka bwino lili lopanda kanthu, koma pa nkhomaliro mabakuli amathera pansi.

Pali kanthu kamodzi kamene amisiri ambiri amaphonya akamapanga tebulo la pabenchi, ndipo kamasowetsa mtendere tsiku lililonse: miyendo. Ikakhala m'makona enieni a tebulo, wolowa pabenchi amagunditsa bondo nthawi zonse, ndipo agogo akabwera sangalowe n'komwe. Muwauze ailowetse mkati ndi masentimita 20 kapena 25 kuchokera kumapeto, kapena apange miyendo iwiri yokha yotambalala pansi, yolumikizidwa ndi thabwa lopingasa pakati. Pakati pa pokhalira ndi pamwamba pa tebulo pazikhala masentimita 28 mpaka 30, ndiye kuti benchi ndi mipando zikhale za 45 kuchokera pansi, mainchesi 18, khushoni ataliwerengera kale. Thabwa lozungulira kunsi kwa tebulo lisapitirire masentimita 8, apo ayi lizikanikiza ntchafu. Makona a pamwamba awazungulize, chifukwa mutu wa mwana wa zaka 4 uli pafupi ndi msinkhu umenewo.

Mwina mufunsa za tebulo lozungulira. La masentimita 100 limakwana anthu anayi ndipo lilibe makona opweteka, koma siligwirizana ndi khoma kapena benchi, ndipo inu mulipo asanu. Lopinda, lija lokhala ndi phiko lotsika, ndi labwino m'nyumba ya chipinda chimodzi, koma lanu silifunika kupindidwa, ndipo mahinjesi achitsulo wamba sachedwa kuchita dzimbiri kuno.

Popeza nyumbayo ndi ya lendi, mabenchiwo asakhomeredwe kukhoma. Akhale mabokosi awiri oima paokha, lililonse lotha kutuluka pakhomo ndi kukwera pangolo kapena pagalimoto tsiku losamuka. Yezani khomo lanu lakumaso musanapereke miyeso, ambiri amakhala a masentimita pafupifupi 80. Mabokosiwo akhale ndi timiyendo ta masentimita 8 kapena 10 kuti chokolopera chizilowa kunsi, ndipo muwasiyire kampata ka zala ziwiri kukhoma kuti mpweya uzidutsa komanso muzitha kusuzumira ngati chiswe chayamba kumanga njira. Pamwamba pakhale chivundikiro chotseguka. M'katimo mulowa nsalu za patebulo, mbale za alendo, mafulasiki, mabuku a ana, zinthu zimene zikanafuna kabati yonse yomwe mulibe poiika. Ufa, mpunga ndi nsomba zouma musasungemo, mudzaitana mphemvu ndi makoswe pamalo odyera. Mmisiri aboole timabowo tingapo kumbuyo kuti m'kati musachite chuku nthawi ya dzinja, asiye kampata kolowa zala kutsogolo kwa chivundikiro, ndipo aike chogwiriza kuti chisamagwe chokha. Ana amakonda kutsegula ndi kulowa m'mabokosi otere, ndipo chivundikiro chathabwa chikagwera pa tizala timavulala kwambiri.

Tsopano nkhani ya matabwa, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yaikulu kuposa maonekedwe, chifukwa nyengo ya kunyanja siichitira chisoni katundu wopangidwa mwachinyengo. Kuno kumatentha koopsa mu Okutobala ndi Novembala, kenako mvula ikayamba mpweya umadzaza chinyontho mpaka Malichi kapena Epulo. Thabwa limamwa chinyonthocho n'kufufuma, chilimwe n'kuuma n'kubwerera, chaka ndi chaka, ndipo limatero m'lifupi mwake, osati m'litali. Katundu wambiri wonyezimira wa m'masitolo ndi wa utuchi wopanikiza ndi guluu, wokutidwa ndi kapepala kooneka ngati thabwa. M'nyumba youma, yosakolopedwa ndi madzi ambiri, amakhalitsa ndithu. Koma kwathu kuno timakolopa simenti m'mawa uliwonse, madzi osamba m'manja amadontha, ana amataya tiyi. Madzi akangolowa m'mphepete, utuchi uja umafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo palibe mmisiri angaubwezere. Galasi siliopa madzi, koma pali ana atatu ndi mapoto otentha sindingakulimbikitseni, makamaka ngati simukudziwa ngati ndi galasi lolimbitsidwa lija limene likasweka limangoyoyoka timibulu, kapena wamba limene limasweka zisonga.

Matabwa amene mungawapeze mosavuta ndi paini, malaina ndi bulugamu. Paini, wambiri wochokera ku Chikangawa ndi ku Dedza, ndi wopepuka, wotsikirapo mtengo, wosavuta kupala, koma ndi wofewa. Mwana akalemba molimbitsa bolopeni papepala limodzi, zilembo zimatsala pathabwa, ndipo chiswe chimamukonda. Ndi wabwino pa mabokosi a mabenchi ngati ali pa timiyendo ndipo wapakidwa bwino. Bulugamu ndi wolimba ndi wolemera, woyenera miyendo, koma akaumitsidwa mothamanga amang'aluka ndi kupindika. Pa thabwa la pamwamba ine ndimakonda malaina. Amachedwa kuuma, koma akauma sasunthasuntha, ndi oyera bwino, ndipo amalandira vanishi mokongola. M'kachipinda kakang'ono mtundu wowala woterewu umathandiza, chifukwa katundu wakuda bii amapanikiza malo m'maso.

Mbawa ndi mlombwa ndiye mafumu a matabwa athu, palibe angatsutse. Mlombwa sufufuma kwambiri ndipo chiswe sichiulowa msanga, mbawa ndi yofiirira mochititsa kaso. Koma mitengo imeneyi yachepa kwambiri m'nkhalango zathu, ndipo kudula kapena kunyamula matabwa a mitengo yachilengedwe kumafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango, malinga ndi lamulo la 1997 limene linakhwimitsidwa mu 2020. Wina akakubweretserani matabwa otere usiku pa mtengo wozizira, dziwani kuti mwina achokera m'malo otetezedwa monga nkhalango ya Thuma, ndipo mlandu ungakupezeni inu wogula. Mkungudza wa ku Mulanje ndiye musayerekeze n'komwe, watsala pang'ono kutheratu. Ngati mtima uli pa mlombwa, funsani kumudzi kapena kwa ogulitsa katundu wakale ngati pali chitseko, bedi kapena tebulo lakale lothyoka miyendo. Thabwa lakale lotero linauma kalekale, ndipo likapalidwa limatuluka lokongola kuposa latsopano. Matebulo ena abwino kwambiri amene ndapangapo anachokera ku zitseko zimene eni ake ankafuna kuwaza nkhuni.

Mtengo uliwonse umene musankhe, funso lalikulu ndi lakuti: kodi thabwalo ndi louma? Apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira ndalama. Mmisiri amalandira ndalama Lolemba, amakagula matabwa ochekedwa sabata yatha, Loweruka tebulo lafika likunyezimira. Pakatha miyezi iwiri pakati pang'ambika mpata wolowa ndalama yachitsulo, nyenyeswa za nsima n'kumalowamo, mwendo umodzi sukufikanso pansi. Pitani nokha kushedi mukaligwire thabwalo. Laliwisi limazizira m'manja ngakhale masana, limalemera kuposa msinkhu wake, mukaligogoda limalira mogonthera, ndipo utuchi wake mukaufinya umagwirana. Louma limalira kuti ngwee, utuchi wake umauluka. Amisiri ena ali ndi kachipangizo koyezera chinyontho, ndipo pa katundu wa m'nyumba kayenera kuonetsa pafupifupi 12 peresenti. Ngati matabwa ouma palibe, gulani aawisiwo, muwasanje pamthunzi podutsa mphepo, timitengo pakati pa thabwa ndi linzake, mudikire miyezi ingapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yabwino yopangitsa ndi chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe, koma mmisiri akumbukire kusiya kampata ka mamilimita awiri kapena atatu pa zivundikiro, chifukwa mu Januwale zidzafufuma n'kuyamba kukanirira. Thabwa la pamwamba nalo lisakhomedwe ndi misomali mbali zonse ngati chitseko cha khola. Limangidwe kunsi ndi masikuluwu m'mabowo otalikirako, kuti lizitha kusuntha pang'ono osang'aluka.

Ngati matabwa abwino avuta, njira ina ndi plywood wokhuthala mamilimita 18, wotchingidwa m'mphepete ndi thabwa lenileni. Chipepala chimodzi ndi cha masentimita 244 kwa 122, ndipo chimatulutsa pamwamba pa tebulo lanu ndi zivundikiro zonse za mabenchi, n'chifukwa chake ndinasankha 122 uja. M'mphepete ndimo mofunika kutseka bwino, chifukwa madzi amalowera mmenemo.

Popaka, vanishi wa polyurethane apakidwe katatu, akupukuta ndi sandipepa wosalala pakati pa ulendo uliwonse, ndipo kunsi kwa tebulo apakenso. Ambiri amapaka pamwamba pokha pooneka, ndiye kunsi kumamwa chinyontho pamwamba osamwa, tebulo n'kupindika. Lisiyeni pakhonde kapena pazenera sabata yathunthu fungo lithe musanayambe kudyerapo. Poto wotentha amasiya chizindikiro choyera pa vanishi, choncho gulani timikeka tating'ono ta mlaza toikapo mbale. Nsalu ya pulasitiki ya patebulo ndi yothandiza pa ana, koma muziichotsa mukatha kudya, chifukwa ikakhalitsa imasunga thukuta kunsi vanishi n'kuyamba kusupuka. Ndipo chonde, oyilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka pa mitengo ya denga kapena ya mpanda poopa chiswe asayandikire katundu wodyerapo. Chimodzimodzi mankhwala othira m'chimanga, musawawaze m'mabenchi mosungira mbale.

Pa mipando iwiri ija muli ndi ufulu wosankha zokongola, chifukwa ndi iwiri yokha ndipo ndiyo imaonekera pabalaza. Mipando yoluka ya nsungwi imene imagulitsidwa m'mbali mwa misewu yathu ndi yopepuka, imapitisa mphepo kumsana, ndipo anthu akunja amaitumiza kwawo pa mtengo wokwera pamene ife tili nayo pakhomo. Koma pitani ndi tepi. Yambiri ndi yochezera, yotsika, moti mukakhalira patebulo la masentimita 75 mbale imakufikani pachifuwa. Pemphani oluka akupangireni ya pokhalira pa 45, yopanda manja kapena ya manja otha kulowa kunsi kwa tebulo. Muigogode pansi musanalipire. Pakagwa kaufa koyera, ndiye kuti nsungwizo zayamba kufumbwa, isiyeni. Mipando yachitsulo ya owotcherera ndi yolimba ndipo miyendo yake yopyapyala siidzaza malo, bola apake kaye red oxide, penti wofiira woteteza dzimbiri uja, asanapake penti wina, ndipo kunsi kwa miyendo aikeko timphira kuti isamakande simenti kapena kusiya dzimbiri pansi. Ya pulasitiki musainyoze. Iwiri yosanjikiza kuseri kwa chitseko imapulumutsa tsiku la alendo, kungoti isamakhale padzuwa chifukwa imauma n'kuthyoka.

Makhushoni a pabenchi akhale a siponji yolimba, yokhuthala masentimita 5, ovekedwa nsalu ya thonje yokhala ndi zipi kuti muzivula n'kuchapa. Zikopa zapulasitiki zija zimapukutika msanga, koma mu Okutobala wa ku Salima munthu amamatirira. Chitenje chabwino chimakwanira, ndipo apa ndi pamene kukongola kwa kona yanu kudzachokere. Sankhani chitenje chimene mumachikonda, mutengemo mtundu umodzi, muubwereze pa katani ndi pa timikeka ta mbale, basi. Khoma likhale lowala, loyera kapena lotuwira pang'ono, ngati eni nyumba alola kupaka. Pamwamba pa benchi yaitali kolekani malichero atatu osiyana kukula, kapena chosema chimodzi cha ku Mua kapena cha amisiri a pamsewu wa ku Senga Bay, ndipo muime pomwepo. Malo aang'ono amaipa ndi kuchulutsa: makalendala atatu, maluwa apulasitiki, zithunzi za ukwati ndi wotchi zonse pakhoma limodzi. Kalilole wamkulu moyang'anana ndi zenera amawalitsa kona yamdima, koma amangidwe zolimba pamene ana sangamufikire. Ngati pakonapo pali zenera, katani ikhale yaifupi yolekeza pamwamba pa benchi, ndipo musatseke njira ya mphepo ndi kabati yaitali. Shelefu imodzi yopyapyala, ya masentimita 25, pafupi ndi khomo la kukhitchini, idzakhala pofikira beseni, jagi ndi poto wa ndiwo zowonjezera. Makapu mukawaika poyera muziwavundikira, mwera wa mu Juni ndi Julayi umalowetsa fumbi paliponse.

Za nyale, mabuku a zokongoletsa nyumba amati ilendewere pakati pa tebulo, masentimita 75 kapena 80 kuchokera pamwamba pake. Zimaoneka bwino ndithu, koma olemba amenewo sanadyepo mgonero kunyanja usiku wa nkhungu, kapena mvula yoyamba itagwa ngumbi zikutuluka. Tizilombo timathamangira kuwala n'kugwera m'ndiwo. Ngati mazenera anu alibe sefa wotchinga udzudzu, yambani ndi ameneyo, akutetezaninso ku malungo. Apo ayi nyale ikhale pakhoma, chapambali pang'ono, osati pamwamba penipeni pa mbale. Babu la LED lowala mofiirira, lolembedwa 2700K kapena 3000K, limakopa tizilombo tochepa kuyerekeza ndi loyera mbuu lija, ndipo chakudya chimaoneka bwino. Khomaninso kambedza kokolekapo nyale ya sola magetsi akazima, kuti ana asamalembe ndi kandulo pafupi ndi katani.

Pa nkhani ya manyazi ndi alendo, mayi, ndikuuzeni zoona: palibe nyumba ya lendi imene tebulo lake limakwana anthu a pa Khirisimasi, pa Idi kapena pa chinkhoswe. Tsiku lotero mkeka ndi mphasa zimagwira ntchito yake, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe mlendo wa kwathu kuno amene angaone chachilendo. Apongozi akabwera mwinanso sangafune n'komwe kudyera pamodzi ndi mkamwini kapena mtengwa, ndiye katebulo ka pakati pa masofa kaja musakataye, kadzakhala kowaikirapo chakudya paokha mwaulemu. Mkeka wabwino woupinda n'kuuimika pakona ndi gawo la katundu wa podyera, ndipo sulanda malo. Tebulo mupangire anthu asanu amene amadya tsiku lililonse.

Posankha mmisiri, pitani mukaone zimene anapangira ena chaka chatha, osati zimene zili pashedi lero. Khalirani mpando wake, muugwedeze, muutembenuze muone polumikizira. Pamene thabwa lalowetsedwa m'bowo la linzake ndi guluu, mpandowo udzafika kwa zidzukulu. Pamene pangokhomedwa misomali n'kumata utuchi pamwamba, udzayamba kulira chaka chisanathe. Satifiketi ya TEVETA ndi chizindikiro chabwino, ngakhale alipo amisiri aluso amene anaphunzirira pamanja. Jambulani zonse papepala, miyeso m'masentimita ndi m'mainchesi, mtundu wa thabwa, tsiku lomaliza ndi mtengo, aliyense asunge pepala lake. Perekani ya matabwa poyamba, yotsalayo katundu akafika ndipo mwamuyeza nokha. Ndalama za kubanki m'khonde zikapanda kukwanira zonse, yambani ndi tebulo ndi benchi yaitali, mipando ya pulasitiki igwirizire mbali inayo, zinazo mudzawonjezere mukadzagawananso.

Pali zinthu zitatu zimene si za kalipentala ndipo musazichite nokha. Kusuntha nyale kapena kuwonjezera soketi ndi ntchito ya wamagetsi wovomerezeka, eni nyumba atalola, chifukwa waya wolumikiza mwachisawawa kuseri kwa benchi yathabwa ndi moto wodikira tsiku. Kuboola khoma poika shelefu kapena kalilole kumafunanso chilolezo chawo, ndipo ndi bwino akulembereni ngakhale pa foni kuti pasadzakhale mkangano potuluka. Chachitatu ndi khoma lenilenilo. Liyang'aneni kunsi musanaike kanthu. Ngati penti akusupuka, pali zoyera ngati mchere, kapena pakumveka fungo la chinyontho, matani kapepala ka pulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse, mukasiye masiku awiri. Mukapeza madontho kumbali yoyang'ana khoma, madzi akuchokera m'khomamo kapena pansi, zomwe zimachitika kawirikawiri m'madera otsika a Salima nthawi ya mvula, ndipo pafunika mmisiri womanga aone ngalande ndi maziko kunja. Mukaona timizere ta dothi tokwera khoma kapena m'mphepete mwa chitseko, chimenecho ndi chiswe. Kungokolopa timizereto sikuthetsa kanthu chifukwa chisa chili pansi. Auzeni eni nyumba aitane odziwa kuthira mankhwala, ana ndi ziwiya zikhale kutali tsiku limenelo, ndipo katundu watsopano alowe pokhapokha ntchitoyo itatha.